Masipuling'i Ofiira a pa Chikwanha

"Tsitsa jekiyo," anatero mayi Zulekha. "Ndati tsitsa, Taufiq. Kapena Chichewa chakuthawa lero?"

"Mhamha," anayankha mwana wawoyo, kuitana mayi ake m'Chishona, "sindikuba ayi. Galimotoyi ndi ya pakhomo pano."

"Ndi ya bambo ako."

"Bambo ali kumanda. Galimoto ili pano ikudyedwa ndi dzimbiri, ife tikudyedwa ndi njala."

Ine ndinali pakhomo pa kachipinda kanga kuseri kwa nyumbayo, ndikusoka nsapato imene inali itayasamula. Dzina langa ndi Bernard. Ndinali loja, wochita lendi, wa mayi Zulekha ku Zengeza 3 m'tauni ya Chitungwiza, ndipo loja wanzeru amatuluka ndi makutu, pakamwa n'kusiya m'chipinda. Miyendo yangayi yandizunguza m'mapulazi a fodya, m'migodi ndi m'masiteshoni a basi, ndipo kulikonse ndimatola nkhani za anthu monga ena amatolera mabotolo. Iyi yokha sindinaiyendere. Inandipeza nditakhala.

Galimoto ankalimbiranayo inali yaikulu, yakale, ya mtundu uja wokoka ndi mawilo onse anayi. Mwini wake, malemu Che Ahmed, anali atamwalira dzinja lapitalo. Moyo wake wonse wa ku Chitungwiza ankanyamuliramo maliro. Wina wa mtundu wathu akatisiya, ife ana a anthu amene anachoka ku Malawi kalekale, Msilamu kaya Mkhristu, anthu ankangoti, "Kauzeni Che Ahmed." Mipando yakumbuyo anaichotsa kuti jeneza, machira aja Asilamu amanyamulira mtembo, izilowa bwino. Anali munthu wathupi, moti pokhala pa chiwongolero zaka zonsezo sipuling'i ya kutsogolo ya mbali yake inafooka. Galimoto inkaima yopendekera kumanja, ngati mwini wake akadali m'katimo akudikira kuti anthu amalize duwa, ndiko kupempherera malemu.

Pambali pa Taufiq panaima Che Yunusi, mng'ono wa malemuyo, wogulitsa kaunjika pa msika wa Chikwanha. Iye ndiye anali atabwereka jeki.

"Alamu," anatero Che Yunusi, "mwanayu msiyeni. Nsapato zatha poyenda m'maofesi, ntchito osaipeza. Anzake akudya ndi mushikashika. Amatenga galimoto wamba, kudzaza anthu, kupita ku Dema, kubwerera. Fodya wako ndi amene ali pamphuno."

"Wamuletsa ndani kuyendetsa? Ayendetse. Koma pansi pakepo akufunapo chiyani?"

"Kumbuyoku kwatopa, mhamha. Taonani." Taufiq anatsitsa jeki pang'ono, n'kutsamira kumbuyo kwa galimoto ndi thupi lonse, kenako n'kuisiya. Inanyamuka, inatsika, inanyamukanso, osafuna kuleka, ngati bedi limene ana adumphapo. "Mashoki anafa kalekale. Ndiwo amayenera kuiletsa kudumpha kumeneku. Masipuling'i nawo anagona. Ndikangokweza anthu ochepa mchira uyamba kukwekwesa pansi, wapolisi aona ali kutali n'kundiimitsa."

"Ndiye ukukonza kuti anthu akhale bwino, kapena kuti wapolisi asaone?"

Taufiq anayang'ana jeki.

"Onse amachita zomwezo, alamu," Che Yunusi anamuyankhira. "Amaika masipuling'i olimba, aatali. Ngakhale mukweze mudzi wonse ndi mbuzi zake, galimoto imaima njo, ngati mulibe kanthu."

"Ndiye kuti galimoto ya mkulu wanu iphunzitsidwe bodza pa ukalamba."

"Bodza limene limagula ufa silipsa pakamwa."

Mayi Zulekha anakhala pansi pakhonde, natambasula miyendo yawo yotupa. Anayamba kulankhula motsitsa mawu, ndipo ine ndinasiya singano.

"Bambo ako akafuna kusintha zapansizi ankanditenga. Ankati sipuling'i ndi msana, shoki ndi mtima. Msana umanyamula, mtima umadekhetsa. Nthawi zonse ankasankha zofewa, za msinkhu wake weniweni wa galimotoyi. Ine ndinkati, bwanji osagula zolimba zikhalitse? Iye ankati, Zulekha, munthu amene ndimamunyamula ine sangathe kudzigwira. Wamoyo akaona bampu amagwira chitseko. Wakufa agwira chiyani?"

"Tsobola wakale sawawa, alamu."

"Sawawa kwa amene lilime linafa." Anatembenukira mwana wawo. "Iwe, ndimvere. Miyendoyi ukuiona. Mutu umandilira ngati chigayo. Sindinapemphe nyumba ya matailosi, sindinapemphe ulendo wa ku Maka. Ndinapempha chimodzi. Ndikadzafa mudzandinyamule m'galimoto iyi, monga inanyamulira mwamuna wanga, pang'onopang'ono, osandigwedeza."

"Musalankhule za imfa, mhamha."

"Ndilankhule za chiyani pakhomo pamene galimoto yake ndi ya maliro?"

"Ndidzakunyamulani. Koma si lero, si mawa. Lero ndiloleni ndinyamule amoyo."

Mayiwo anapukuta manja pa chitenje ngati munthu amene wamaliza kutsuka mbale.

"Mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere, imufotere m'manja. Chotsa zakumbuyozo. Koma sipuling'i ya kutsogolo kumanja, pamene ankakhala bambo ako, usaikhudze."

Dzuwa lisanafike pamutu masipuling'i awiri akumbuyo anali pansi, akuda, opiringizika, atafupika ndi ukalamba. Ndinaona kuti mkombero wapansi wa iliyonse unavekedwa kachidutswa ka payipi yobiriwira, ija yothirira maluwa. Ndinafunsa.

"Ndi bambo amenewo, sekuru," anatero Taufiq, ponditcha agogo m'Chishona, akuwaponya m'thumba la ufa. "Kuti chitsulo chisalire chikakhudzana ndi chinzake. Ankati akufa sakonda phokoso." Anaseka pang'ono, koma kusekako sikunapite patali. "Ndiperekezeni ku Chikwanha. Tikayerekezere kukula kwake."

Ine kukhala pansi kumandiyabwa. Ndinavala nsapato yosamaliza kusoka ija.

Kuseri kwa renki ya makombi, pokwerera maminibasi a kuno, kupitirira amayi ogulitsa chimanga chootcha, kunali kashedi ka malata ka mnyamata wina dzina lake Clayton. Zitsulo zinali zitapachikidwa ngati nyama ya pa butchala, ndipo pamalopo pankanunkha penti. Clayton ankalankhula Chishona chothamanga, Taufiq n'kumayankha momwemo, koma ine ndiika m'chilankhulo chathu.

Anatulutsa sipuling'i imodzi m'thumba, anaiyang'ana, n'kuimba mluzu.

"Iyi inaona nkhondo. Mwini wake ankanyamula chiyani, njovu?"

"Anthu," anatero Taufiq.

"Nanga iwe ukufuna kunyamula chiyani, mazira kapena anthu?"

"Anthu."

"Ndiye ulibe vuto. Anthu sasweka."

Anaika pansi mitundu iwiri. Ena anali akuda, akadali m'katoni, msinkhu wake wongopitirira pang'ono akale aja, pamodzi ndi mashoki ake oyenerana nawo. Ena anali ofiira piriwiri, chitsulo chake chonenepa ngati chala chachikulu cha mwamuna wolima, ndipo anali aatali kuposa anzawo ndi chikhatho chathunthu.

"Akudawa ndi a madala opita kutchalitchi Lamulungu ndi akazi awo," anatero Clayton. "Galimoto imayenda ngati ikusambira. Koma ukaika matumba atatu a chimanga, yagwada. Ofiirawa ndi a amuna ofuna kudya. Kweza, kwezanso, ukatopa uitane mnzako akweze. Pa rodibuloko adzakupatsa moni."

"Nanga ikakhala yopanda katundu imayenda bwanji?" ndinafunsa.

"Mdala, mushikashika yopanda katundu ndi ya munthu wolodzedwa."

Anthu amene anali pafupi anaseka. Taufiq sanaseke. Anali atanjuta pafupi ndi katoni ya akuda aja, akusisita chitsulo ndi chala.

"Sipuling'i yaitali imafuna shoki yaitali," anatero. "Bambo ankatero. Ukaika yaifupi, tayala limalendewera m'malere pa bampu."

"Bambo ako ankadziwa. Nazi." Clayton anatsitsa mashoki awiri abuluu, onyezimira ngati atuluka m'sitolo tsiku lomwelo.

Taufiq anaimika imodzi pansi n'kuikanikiza ndi dzanja. Shoki yamoyo imakana, imakankhana nawe, ndipo ukaisiya imadzuka yokha mwaulemu. Iyi inangolowa fwa, n'kulira m'kati ngati m'mimba mwa munthu wanjala, ndipo inakhala pomwepo. Atachotsa dzanja, pachikhatho pake panali buluu.

"Yagona m'shedi nthawi yaitali," anatero Clayton osaphethira. "Ikamva kulemera idzuka."

"Chikomekome cha mkuyu," ndinanong'ona m'Chichewa.

"Ndaona, sekuru," Taufiq anandiyankha, nayenso m'Chichewa. "Sindine wakhungu. Koma masipuling'i olimba chonchi safuna shoki kwenikweni. Katundu ndiye aziigwira."

"Ukudzinamiza wekha, kapena ukunamiza ine?"

"Ndikuyamba chabe. Zikayenda ndidzabwera kudzatenga akudawa."

Clayton, ngakhale Chichewa sankachimva, nkhope ankaziwerenga. "Tichite chonchi. Akale akowa ndisiyire, mtengo wa ofiirawa utsika. Uzinyamuliranji zinyalala kubwerera nazo kunyumba?"

Taufiq anagwira thumba lija kukamwa kwake. Ndinaona zala zake zikulimba. Kunja hwindi wina, mwa anyamata aja oitanira anthu m'makombi, ankakuwa mayina a malo, ndipo galimoto ina yodzaza mpaka pazenera inadutsa itaima njo. Taufiq anaitsata ndi maso, kenako anatsegula dzanja.

Madzulo ake galimoto inatsika pa jeki itasanduka chinthu china. Kumbuyo kunali m'mwamba, kutsogolo kumanja kuli pansi, ngati munthu amene wawerama pa swala, pemphero la Asilamu, ndipo msana wamukanika kuwongoka. Mayi Zulekha anatuluka, anaiyang'ana, anaphimba pakamwa ndi nsonga ya mpango n'kubwerera m'nyumba. Pamene pankagona jeneza Taufiq anakhomapo matabwa awiri oti anthu azikhalapo moyang'anizana.

Sabata yotsatira ndinaikwera. Ndinalibe chokachita ku Dema, koma pamene anthu apanikizana nkhani zimatuluka zokha. Ndinayamba kuwerenga okwera, ndinasiya pamene maondo a munthu wina analowa pakati pa anga. Panali matumba a fetereza, dengu la nkhuku, batire la sola, ndi mayi wina dzina lake Fadzai, wogulitsa tomato, amene anakhala theka pa thabwa theka pa ine, mwana ali pachifuwa.

Pa rodibuloko wapolisi anayang'ana matayala, anaona galimoto yaima mowongoka, anatikupizira dzanja. Taufiq anandiyang'ana pagalasi n'kutsinzinira diso.

Titafika pokhota msewu, galimoto inapendekera kumanzere, inapendekerabe, ndipo inaima pamenepo ngati ikuganiza ngati ibwerere kapena ayi. Nkhuku zinasiya kulira. Kenako inabwerera, n'kupitirira kupendekera mbali inayo. Fadzai anali atandigwira bondo mpaka zikhadabo kulowa.

"Mkulu wanga anapita chonchi," anandiuza chapansipansi. "Ya iyeyo inali yoima bwino kuposa iyi. Tinakamuzindikira ndi chitenje."

"Nanga inu mukukwereranji?"

"Tomato adikira, sekuru?"

Pobwerera tinalibe munthu, chifukwa msika unali usanathe. Apo ndiye ndinaidziwa galimotoyo. Kadzenje kalikonse inkaponya mateche ngati bulu wolumidwa ndi mavu. Matabwa ankadumpha, sipanala inauluka kuchokera kumbuyo n'kudzagwa pamapazi panga, ndipo ndinadziluma lilime.

"Imafuna katundu," anatero Taufiq. "Ikakhuta imafatsa."

Masiku anapita. Pakhomo panayamba kuoneka nyama, ndipo Che Yunusi ankabwera madzulo aliwonse kudzayamikira nzeru zake. Mayi Zulekha ankaphika nyamayo koma ankadya ndi masamba. Tsiku lopita ku kiliniki kukayezetsa magazi, Taufiq anawatsegulira chitseko cha kutsogolo.

"Kwerani, mhamha. Ndikusiyani pageti penipeni."

"Ndikwera kombi."

"Ndi miyendo imeneyo? Anthu aziti chiyani, mwana ali ndi galimoto?"

"Aziti mayiyo amadziwa kudikira. Iyi ndidzaikwera kamodzi." Ananditembenukira. "A Bernard, inu mwaikwera. Ikuyenda bwanji? Musandinamize, tonse ndife akuluakulu."

Ndinakumbukira kuti ndine loja. Koma anali atandiyang'ana m'maso.

"Ikadzaza imayenda ngati woledzera, mayi. Ikakhala yopanda kanthu imayenda ngati wamisala."

"Mwamva, alamu?" anatero mayi Zulekha kwa Che Yunusi, amene anali atakhala pa njerwa akutsuka mano ndi kamtengo.

"Walira mvula walira matope, alamu. Nyama mukuiona m'mphika."

"Ndikuiona. Ndikuonanso ana a eni ake akulowa mmenemo ngati nkhuni. Mwamuna wanga ankapititsa kumanda anthu amene Mulungu waitana. Mwana wanga akufuna kupititsako amene sanaitanidwe."

"Mhamha, zvakwana," anatero Taufiq, ndiko kuti zakwana. "Ndanena kale. Mwezi ukatha ndikagula akuda aja. Alipo, ndinawaona, ali m'katoni."

"Mwezi unapangana nawo?" Anamanga mpango bwinobwino. "Ukudziwa, kale bambo ako akamabwera sindinkamva kanthu mpaka geti litalira. Iwe ndimakumva uli ku Zengeza 4. Gu, gu, gu, ngati wina watsekeredwa m'katimo."

Anatuluka pageti pang'onopang'ono, akutsamira mpanda.

Mwezi sunathe. M'mawa wina Lachinayi, mayi Zulekha akupeta mpunga pakhonde, lichero linagwa. Ine ndinamva mpunga ukumwazika pa simenti, ndipo pamene ndinkafika anali atatsamira khoma, maso ali ku galimoto imene panalibe, chifukwa Taufiq anali atapita kale ku renki. Amayi oyandikana nawo anabwera, anayesa madzi, anayesa kuitana dzina. Kunalibe.

Asilamu sagoneka maliro. Amayi anasambitsa mnzawo, anamukulunga m'nsalu yoyera ya sanda, amuna anabweretsa jeneza kuchokera ku mzikiti. Shehe ananena kuti tinyamuka swala ya masana ikatha. Palibe amene anafunsa za galimoto. Pakhomo pa Che Ahmed funso limenelo silinkafunsidwa.

Ndinapeza Taufiq kuseri akuzula matabwa aja ndi hamala, misomali ikulira. Che Yunusi anaima pafupi naye.

"Mwanawe, tipemphe lole ya mnzathu uja a Sunday," anatero Che Yunusi motsitsa. "Palibe adzadabwe."

"Ndinalonjeza."

"Ndiye thamangira kwa Clayton ukatenge akuda aja."

"Shedi yake ndi yotseka, wapita ku tauni kukaoda. Ndaimba, sakuyankha. Ngakhale akanakhalapo, dzuwa ili simukuliona?"

Che Yunusi anayang'ana uku ndi uku. "Pali matumba a simenti kwa aneba. Tiyale pansi anayi kaya asanu, tiphimbe ndi mkeka, jeneza pamwamba. Ikalemera ifatsa. Iwe wekha umatero."

Taufiq anasiya hamala.

"Bambo aang'ono, mayi anga apite kumanda atagona pa simenti ngati katundu wa ku hadiweya?"

"Ndani adzaone?"

"Mawu amenewo ndi amene atifikitsa pano."

Anagwada n'kuphwetsa matayala akumbuyo pang'ono, kuti mwina afewe. Ndi chokhacho chimene akanatha.

Amuna anatulutsa jeneza m'nyumba itaphimbidwa ndi nsalu yobiriwira. Inalowa m'galimoto ngati phazi mu nsapato yake. Koma galimoto sinatsike ngakhale pang'ono. Mayi Zulekha matenda anali atawadya, ankalemera ngati mtolo wa bango, ndipo masipuling'i ofiira aja sanadziwe n'komwe kuti pakwera munthu. Malo otsala m'mbali anakwana anthu awiri okha, Che Yunusi ndi shehe. Ine, ngakhale ndine Mkhristu, Taufiq anandikokera kutsogolo.

"Khalani nane, sekuru."

Anakhala pa mpando wa bambo ake, mbali yopendekera ija. Tinanyamuka pang'onopang'ono, amuna ena akutsatira pa lole ya a Sunday, amayi atatsala pageti akulira chamumtima.

Bampu yoyamba inali pafupi ndi sukulu. Taufiq anaikwera ngati akuponda mazira. Matayala akutsogolo anadutsa mwaulemu. Akumbuyo atafika, galimoto inaponya. Jeneza inanyamuka n'kugwa. Gu.

"Gwirani," anatero shehe.

Anagwira, wina uku wina uku, atatsamira ndi zifuwa. Koma iwo ankagwira matabwa a kunja. M'kati mwa jeneza munalibe womugwira munthu. Titasiya tala n'kulowa msewu wafumbi wopita kumanda, umene mvula inaukumba mizeremizere ngati malata, tinayamba kumva. Sikunali kugunda kwa jeneza pa chitsulo ayi. Kunali kwina, kochepa, kochokera m'kati. Go. Go, go. Monga munthu wofooka amagogodera chitseko cha chipinda pofuna madzi.

Ndayenda malo ambiri. Ndinagonapo pa siteshoni pafupi ndi munthu amene m'mawa anapezeka atauma. Koma kugogoda kumene kuja sindinakumvepo, ndipo sindikufuna kukumvanso.

Taufiq anachepetsa liwiro mpaka munthu woyenda pansi akanatipitirira. Sizinathandize. Mashoki akufa aja analibe choletsa, ndipo kadzenje kamodzi kankabala kudumpha kutatu. Nsalu yobiriwira inatsetsereka. Shehe anayamba kuwerenga mapemphero mokweza, mwina kuti tisamve, koma kugogoda kunkalowa pakati pa mawu ake.

"Mhamha," anatero Taufiq, maso ali kutsogolo. "Mhamha, pepani. Tatsala pang'ono."

Go, go.

Anaponda buleki. Anazimitsa injini. Kwa kanthawi galimoto inapitiriza kugwedezeka yokha, kenako inaleka, ndipo m'katimo munangoti zii.

"Atsitseni," anatero.

"Kumanda n'kutali, mwanawe," anatero Che Yunusi. Chipewa chinali chitamugwa.

"Atsitseni, bambo aang'ono."

Amuna anatsika pa lole osafunsa kanthu. Onse anali ataona mchira wa galimoto ukudumpha patsogolo pawo. Anatulutsa jeneza, shehe anakonza nsalu, ndipo anaikweza pamapewa. Taufiq analowa kutsogolo kumanja. Mwambo wake anthu amalandizana, wina akayenda pang'ono mnzake amalowa, koma iye aliyense womugwira paphewa ankamukana ndi mutu. Tinayenda mtunda wonsewo dzuwa likuswa mtengo. Pamapewa a anthu mayi Zulekha sanagogodenso.

Nditacheuka ndinaona galimoto ili m'mbali mwa msewu, zitseko zili pululu, yopendekera kumanja. Mayi wina wosenza thumba anali ataima pambali pake akusuzumira, akufunsa ngati ikupita ku Dema.

Masiku a chisoni atatha, alendo atabalalika, Taufiq anakweza galimoto pa njerwa n'kumasula masipuling'i ofiira aja pamodzi ndi mashoki ake. Anawaika m'thumba. Sanandipemphe kuti ndimuperekeze, koma ndinamutsatira.

"Ndamva za amayi," anatero Clayton. "Pepa, m'bale. Ofiirawa akuvuta?"

"Tenga. Sindikufuna kanthu. Undibwezere akale aja."

Clayton anakanda m'mutu. "Aja? Aja anapita."

"Anapita kuti? Unati ndi zinyalala."

"Zinyalala zimadyetsa ana. Tinawaotcha pamoto, tinawakoka kuti atalike, tinawapaka penti. Anaoneka bwino kwambiri."

"Penti yanji?"

Clayton analoza chitini chimene chinali pakona. Chinali chofiira.

Taufiq anakhala pa tayala lakutha. Analankhula pang'onopang'ono, ngati akuwerengera mwana. "Masipuling'i a bambo anga ndi ofewa. Anatopa kale. Iwe wawaotcha, chitsulo chafa. Ndiye wagulitsa kwa munthu amene akuganiza kuti ndi olimba, ndipo akukwezapo anthu mpaka pazenera."

"Sindinamukakamize."

"Ndani?"

"Ndingadziwe? Mnyamata wina wa galimoto ngati yakoyo. Kaya amapita ku Wedza, kaya ku Mahusekwa. Pano pamadutsa anthu ambiri." Anakoka katoni ija kuchokera pansi pa tebulo. "Koma akuda aja alipobe. Ndikuchitira mtengo wa maliro."

"Anyamule ndani?" anatero Taufiq.

Pansi, pakati pa zitini ndi nsanza za oilo, panali tizidutswa tiwiri ta payipi yobiriwira, tong'ambidwa ndi mpeni. Anatitola, anatipukuta pa malaya n'kutiika m'thumba la pachifuwa.

Ine pakhomo paja ndinachokapo mwezi wotsatira. Miyendo inayambanso kuyabwa, komanso kachipinda kanga kanayang'anizana ndi galimoto ija, ili pa njerwa, yopendekerabe, ndipo mphepo ikawomba malata ndinkamva zimene sindinkafuna kumva. Che Yunusi sabweranso kudzatsuka mano pa njerwa ija.

Tsiku lonyamuka ndinadzera pa Chikwanha kukakwera kombi. Ndinamupeza Taufiq kumeneko. Anthu amati amabwera m'mawa uliwonse. Galimoto iliyonse yaikulu ikamadzaza anthu, iye amagwada m'fumbi n'kusuzumira kuseri kwa tayala lakumbuyo. Mahwindi anamupatsa kale dzina, amamutcha dokotala, ndipo ena amamuponda dala. Akauza okwera kuti tsikani, iwo amamuyang'ana ngati wamisala n'kukumbatira katundu wawo.

Ndinamugwira paphewa. Anadzuka, maondo ali mbuu.

"Wawapeza?" ndinafunsa.

Anagwira thumba la pachifuwa, pamene panali tizidutswa tija. Kumbuyo kwake galimoto ina inanyamuka itaima njo, nkhope za anthu zitakanikizidwa pa magalasi, ndipo pazenera lakumbuyo ndinaona mpango wa Fadzai.

"Ndiwadziwa bwanji, sekuru?" anatero. "Onse ndi ofiira."